KOCHI WABWINO ADZIWA TSIKU LOLETSA WOTHAMANGA

Mwezi wa Januwale ukafika, masukulu ndi makoleji atatsegulidwa, m'misewu yathu kuno Kum'mawa mumaoneka anyamata ndi atsikana akuthamanga m'mamawa, ena atabvala nsapato za pa salaula, ena opanda nsapato, matope ali m'miyendo. Amenewa akonzekera mipikisano ya cross country, ndiko kuthamanga mtunda wautali m'chire, m'zitunda ndi m'madambo. Masewerawa ndi abwino ku thupi ndipo sadya ndalama zambiri. Koma ife a m'cipatala tidziwa kuti nyengo yomweyi ndiyo imatibweretsera acinyamata okomoka, otupa miyendo, ndiponso ena amene malungo awagwetsa kaciwiri cifukwa cobwerera ku bwalo asanacire.

Ine nchito yanga ndi ya m'cipatala. Zaka zingapo zapitazo aphunzitsi a masewera pa koleji ina m'cigawo cathu anandipempha kuti ndizibwera ndi bokosi la mankhwala pa masiku a mpikisano. Iwo atasamutsidwa, timu inatsala m'manja mwanga, pakuti nanenso ndinali wothamanga pa unyamata wanga. Lero ndifuna kukufotokozerani za nyengo imodzi yathunthu, kuyambira Januwale kufikira kumapeto kwa Malichi, makamaka inu aphunzitsi amene mwapatsidwa timu popanda wokuuzani poyambira. Kuthamangitsa ana a eni ndi kosabvuta. Cimene cinanditengera nthawi kuphunzira ndi kudziwa tsiku lowaletsa.

MMENE TIMU IPAMBANIRA

Anthu ambiri aganiza kuti timu yokhala ndi wothamanga woposa onse ndiyo ipambana. Sizitero ai. Mu cross country amaphatikiza manambala a malo amene othamanga a timu afikira, ndipo timu ya nambala yocepa ndiyo itenga cikho. Pa mpikisano wa dziko lonse lapansi timu ithamangitsa anthu 6 koma owerengedwa ndi 4 oyamba kufika.

Citsanzo cabwino cinacitika ku Kampala m'dziko la Uganda mu Malichi 2017, pa mpikisano wa amuna wa makilomita 10. Geoffrey Kamworor wa ku Kenya anakhala woyamba, ndipo waciwiri analinso wa ku Kenya. Anzao awiri anafika pa nambala 7 ndi 12, zonse pamodzi 22. A ku Ethiopia analibe woyamba kapena waciwiri, koma anafika pa 3, 4, 6 ndi 8, zonse pamodzi 21. Cikho ca timu cinapita ku Ethiopia cifukwa ca nambala imodzi yokha.

Izi ndimauza ophunzira anga pa tsiku loyamba. Wothamanga wacinai ali wofunika monga woyamba. Motero nchito ya kochi ndi kufikitsa anthu onse pa mzere woyambira pa tsiku la mpikisano womariza ali ndi thanzi. Wothamanga amene ali gone m'wodi, ngakhale akhale waliwiro cotani, sawerengedwa.

KUPIMA ASANAYAMBE

Sabata yoyamba sitithamanga kwambiri. Aliyense wofuna kulowa m'timu ndimayamba ndakhala naye pansi ndi kumufunsa mafunso awa: Kodi unakomokapo pothamanga? Kodi pa cifuwa pamapweteka kapena mtima umagunda modabwitsa ukagwira nchito yolimba? Kodi m'banja mwanu alipo amene anafa mwadzidzidzi ali wamng'ono? Kodi uli ndi mphumu, khunyu kapena matenda a sickle cell? Kodi unaonapo magazi mu mkodzo? Amene wayankha kuti inde pa mafunso a mtima sathamanga mpaka atapimidwa bwino ku cipatala. Atsikana amafunsidwa za msambo ndi anamwino acikazi, pakuti pamaso pa ine sanganene zoona.

Pambuyo pake timapima magazi. Magazi ndiwo anyamula mpweya kucoka ku mapapo kupita ku minofu, ndipo wothamanga wocepa magazi ali ngati galimoto yotsekeka paipi ya mafuta. Muyeso wa hemoglobini ukakhala pansi pa 13 kwa mwamuna, kapena pansi pa 12 kwa mkazi wosakhala ndi pakati, timati magazi ndi ocepa. Kuno kwathu zimene zicepetsa magazi kawiri-kawiri ndi malungo, njoka za m'mimba, likodzo, kutaya magazi ambiri pa msambo, ndi cakudya coperewera.

Caka cimeneco panali mtsikana wa ku Petauke amene anali kutsalira anzake nthawi zonse, nafika ali wefu-wefu, mutu ukumupweteka. Anzake anali kumunena kuti ndi waulesi. Nditayang'ana m'zikope ndi m'manja mwake ndinaona kuti ndi moyera, ndipo sikelo ya magazi inaonetsa 9. Tinamupatsa mankhwala a njoka za m'mimba ndi mapiritsi oonjezera magazi oti amwe miyezi itatu. Ndinamucenjeza kuti cimbudzi cidzada, asaope ndi kusiya kumwa. Kwa masabata atatu ndinamuletsa kuthamanga molimba, anali kungoyenda ndi kuthamanga pang'ono kumbuyo kwa gulu. Iye analira, poganiza kuti ndafuna kumucotsa m'timu.

Za cakudya tinakambirana ndi a ku khichini. Wothamanga asowa nsima yokwanira, ndipo ndiwo zoonjezera magazi si zodula zokha-zokha. Kapenta, kayera, nyemba, nshawa, soya, mazira, bondwe, nkhwani ndi repu zonse zithandiza. Cipatso monga gwafa, mango kapena lalanje cikadyedwa pamodzi ndi cakudya cithandiza thupi kutenga za magazi m'ndiwo, pamene tiyi womwera pa cakudya amatsekereza. Tiyi adikire ola limodzi kapena awiri.

Cotsiriza, ndinapatsa kaputeni kope. M'mawa uli wonse wothamanga aliyense, asanadzuke pa bedi, awerenge kugunda kwa mtima wake pa mkono kwa mphindi imodzi, ndipo kaputeni alembe. Nambala ikakwera ndi 10 kuposa ya masiku onse kwa masiku awiri otsatizana, munthuyo apumule ndipo abwere ndimuone. Kope limeneli linagulidwa ndi ndalama zocepa koma linatithandiza kuposa ciri conse m'bokosi langa.

KUKULITSA MTUNDA PANG'ONO-PANG'ONO

Ophunzira amacokera ku chuthi ca Disembala, ena anali kulima, ena anangokhala. Mtima ndi mapapo zizolowera nchito msanga, m'masabata ocepa, koma mafupa ndi mitsempha zitenga miyezi. Apa ndi pamene makochi ambiri alakwa. Aona mnyamata sakupuma movutikira, nayamba kumuonjezera mtunda tsiku ndi tsiku, mpaka fupa likana.

Masabata anai oyamba tinali kuthamanga mphindi 30 kufikira 45 pa liwiro lakuti anthu awiri angathe kuceza ali kuthamanga. Amene sangathe kumariza ciganizo polankhula ndiye kuti wafulumira. Kuyambira sabata yacisanu tinaika masiku awiri olimba. Laciwiri tinali kukwera citunda ca kuseri kwa koleji mothamanga ndi kutsika moyenda, kasanu ndi kamodzi poyamba, kenaka kuonjezera. Lacinai tinali kuthamanga molimba mphindi zitatu, kupumula ziwiri, ndi kubwereza kasanu. Loweruka unali mtunda wautali koma modekha, kapena mpikisano waung'ono ndi makoleji apafupi. Pa Sondo palibe kuthamanga. Tsiku lolimba litsatidwe ndi tsiku lofewa, cifukwa minofu imamangika pa nthawi yopumula ndi pogona tulo tokwanira.

Bvuto limene lidza kawiri-kawiri pakati pa nyengo ndi kupweteka kwa msongolo. Ululu ukakhala wofalikira m'mbali mwa fupa, ndipo umacepa thupi likatentha, wothamanga acepetse mtunda, athamange pa udzu osati pa tala, ndipo aikepo nsalu ya madzi ozizira. Koma akaloza malo amodzi ndi cala, pamene pakupweteka mukakanikiza, ndipo sangathe kudumpha ndi mwendo umenewo wokha, kapena ululu ukumudzutsa usiku, fupa lingakhale litayamba kung'aluka. Wotere asiye kuthamanga masabata 6 kufikira 8 ndipo apite ku cipatala. Dziwani kuti X-ray siionetsa mng'alu wotere m'masabata oyamba, cotero musanene kuti ali bwino cifukwa cithunzi cayera. Caka cimeneco tinataya mnyamata mmodzi mwa njira imeneyi mu Febuluwale.

Mtsikana wothamanga akapitirira miyezi itatu osasamba, asaganize kuti ndi cizindikiro ca kulimba thupi. Ayambe wapimitsa ngati ali ndi pakati. Ngati alibe, kawiri-kawiri ndi cifukwa cakuti cakudya cicepera nchito imene thupi ligwira, ndipo zikapitirira mafupa amafooka. Mankhwala ake ndi kudya kwambiri ndi kucepetsa mtunda. Othamanga opanda nsapato nawo aonetsetse kuti analandira katemera wa kafumbata, ndipo cilonda ca munga kapena botolo cisukidwe ndi sopo nthawi yomweyo. Mvula ya mphezi ikayamba, onse alowe m'nyumba, osati pansi pa mtengo, ndipo adikire mphindi 30 kucokera pa kugunda kotsiriza.

DZUWA NDI MADZI

Pa mpikisano uja wa ku Kampala panacitikanso cinthu cimene anthu sanaiwale. Joshua Cheptegei wa ku Uganda, ali ndi zaka 20, anatsogola patali pamaso pa anthu a kwao, ndipo onse anati wapambana. Koma anali atathamanga molimba kwambiri m'dzuwa, ndipo atatsala pang'ono kufika miyendo inakana, nayamba kudzandira ngati woledzera. Anamariza pa nambala 30. Munthu yemweyu anapambana mpikisano womwewo ku Aarhus m'dziko la Denmark mu 2019, ndipo mu 2024 anatenga mendulo ya golide ya mamita 10,000 pa Olympics ku Paris. Ngati thupi la katswiri wotere lingakane, nanga la mwana wa pa koleji amene wadya kabanzi kamodzi m'mawa?

Pano ndiyenera kuulula kulakwa kwanga. M'caka canga coyamba monga kochi, mpikisano wina unayenera kuyamba 8 koloko m'mawa, koma tinadikira mlendo wolemekezeka mpaka 11 koloko, othamanga ali ciimire pa dzuwa. Mnyamata wina anali atandiuza kuti usiku anatsegula m'mimba kawiri. Ndinamuyang'ana, ndinaona ali wamphamvu, ndipo popeza tinali operewera ndinamulola. Atatsala ngati mamita 500 anayamba kupotoka njira, nagwa. Nditafika thupi linali moto, anali kutukwana anthu, ndipo sanathe kuchula dzina lake. Tinamuthira madzi a mu dramu yonse, ndipo anagona m'cipatala masiku awiri pa dripu. Anacira, koma usiku umenewo sindinagone, poganiza zimene ndikanauza amai ake. Ine wa cipatala ndinadziwa bwino lomwe kuopsa kwake, koma mtima wofuna cikho unandigonjetsa.

Wothamanga akagwa pa dzuwa, yang'anani nzeru zake. Ngati alankhula bwino, wangofooka ndi kucita cizungulire, mugonekeni pa mthunzi, kwezani miyendo, mupatseni zakumwa pang'ono-pang'ono. Koma ngati wasokonezeka mutu, akulankhula zosamveka, akukomoka, ndipo thupi latentha kufika madigiri 40, moyo wake uli pa ngozi ngakhale thukuta likali kutuluka. Mubvuleni malaya, mum'thire madzi ozizira thupi lonse osaleka, mum'kupize, ndipo ngati pali bafa kapena dramu mum'bviike mpaka m'khosi wina atagwira mutu. Kuziziritsa kuyambe pomwepo, galimoto isanabwere, ndipo kupitirire m'njira yonse ya ku cipatala. Panadol sathandiza pa kutentha kwa mtundu umenewu, ndipo wokomoka musamumwetse kanthu.

Kupewa kwake ndi kosabvuta. Mpikisano uyambe m'mawa, alendo afike kapena asafike. Othamanga amwe madzi bwino dzulo lake ndi m'mawa mpaka mkodzo ukhale woyererapo, koma asadzikakamize kumwa mopitirira muyeso. Akamariza, Madzi a Moyo athandiza kubwezera mcere wotayika. Ngati mapaketi palibe, sungunulani masipuni ang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mcere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Cizolowezi comwa Brufen kapena Diclofenac mpikisano usanayambe cilekeke, pakuti mankhwalawa abisa ululu wocenjeza ndipo angaononge impso za munthu wouma m'thupi. Mkodzo ukatuluka wakuda ngati Coca-Cola pambuyo pothamanga, pitani ku cipatala tsiku lomwelo.

MALUNGO A SABATA YOTSIRIZA

Tsopano tibwerere ku nyengo yathu. Masiku khumi otsiriza tinacepetsa mtunda ndi theka, kuti miyendo ipumule. Zonse zinali bwino mpaka Laciwiri la sabata ya mpikisano waukulu, pamene kaputeni anabwera ndi kope lija. Wothamanga wathu woposa onse, mnyamata wa ku Lundazi amene anapambana mipikisano yaing'ono iwiri caka cimeneco, mtima wake unali utakwera kucoka pa 52 kufika pa 68, Lolemba ndi Laciwiri. Iye sananene kanthu kwa munthu. Nditamuitana anabvomera kuti mutu ndi mfundo zikumupweteka. Thupi linali lotentha, ndipo titapima dontho la magazi tinapeza malungo.

Anayamba Coartem madzulo omwewo, kumwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, pamodzi ndi mkaka kapena nshawa cifukwa mankhwalawa alowa bwino m'thupi ndi cakudya ca mafuta. Pofika Lacinai thupi linali litazizira. Lacisanu madzulo anagogoda pa khomo panga.

"A Dokota, mankhwala ndatsiriza, thupi lazizira. Mundilole cabe. Atate akwera basi kubwera kudzandionera."

"Mwana wanga, mawa suthamanga. Udzaima pa citunda cotsiriza ndi kulimbikitsa anzako."

Akulu a koleji nawo anandiimbira foni nati, "A Dokota, kodi sitingamuyese? Akalema adzaima yekha." Ndinawayankha mwaulemu kuti wothamanga wofuna cikho saima yekha, amacita kugwa, ndipo ndinawakumbutsa za mnyamata wa dramu uja.

Cifukwa cake ndi ici. Tizirombo ta malungo timaswa magazi ofiira, ndipo ngakhale titafa, magazi atenga masabata kuti abwerere m'malo. Munthu amene watentha thupi masiku atatu wataya madzi, sanadye bwino, ndipo thupi lake silitha kudziziziritsa monga kale. Kapamba nako kangakhale kotupa. Kuzizira kwa thupi kutanthauza kuti mankhwala agwira nchito, koma mphamvu zibwera pambuyo. Ndiponso kutentha thupi kwa cimfine cacikulu nthawi zina kumakhudza mnofu wa mtima, ndipo kuthamanga nako molimba kwaphapo acinyamata athanzi. Lamulo langa ndi ili: mamina okha popanda kutentha thupi, munthu angathamange modekha. Kutentha thupi, cifuwa ca pansi, kusanza kapena kutsegula m'mimba, palibe kuthamanga. Wocira malungo ayambe ndi kuyenda, kenaka kuthamanga pang'ono, ndipo mpikisano udikire masabata awiri kapena kuposa.

Loweruka timu ya anyamata inakhala yacitatu. Powerenga manambala ndinaona kuti mnyamata uja akanafika pa malo ake a masiku onse, cikho cikanakhala cathu. Anzake anaona zomwezo, ndipo m'basi pobwerera munalibe nyimbo. Iye anatha mwezi wathunthu osandipatsa moni. Atate ake okha ndiwo anandigwira dzanja pa bwalo, nati mwana ameneyu ndi woyamba m'banja lao kufika ku koleji. Timu ya atsikana inakhala yaciwiri, ndipo wacinai wao wowerengedwa anali mtsikana wa ku Petauke uja, amene magazi ake anali atafika pa 12. Anapitirira anthu atatu pa citunda cotsiriza, pamene mnyamata wa ku Lundazi anaima akukuwa ndi mau osasa.

MAU KWA APHUNZITSI NDI MAKOLO

Inu aphunzitsi amene mudzatenga timu nyengo ikudzayi, pitani ku kiliniki yapafupi m'sabata yoyamba mukapemphe kuti othamanga anu apimidwe magazi. Gulani kope, ndipo onetsetsani kuti m'nyumba zogona aliyense agona m'neti, pakuti nyengo ya cross country ndi nyengo ya udzudzu. Pa tsiku la mpikisano pakhale dramu ya madzi ozizira pa mzere womarizira, munthu wa cipatala, ndi galimoto yokhala ndi mafuta. Gwirizanani ndi akulu a sukulu nyengo isanayambe kuti wa cipatala akati uyu sathamanga, palibe wina wosintha mau amenewo, cifukwa pa tsiku la cikho mitima imatentha ndipo nzeru zimacepa, monga zinacitikira ine.

Inu makolo, mwana akabwera ku nyumba atacotsedwa pa mpikisano cifukwa ca matenda, musamunene kuti ndi wamantha. Ndipo inu othamanga, musabise matenda kwa kochi wanu. Mipikisano imabwera caka ndi caka. Mnyamata wa ku Lundazi uja anabweranso Januwale wotsatira, kope lija liri m'manja mwake, popeza anzake anamusankha kukhala kaputeni.